Tifunseni: Mpanda, Belu ndi Baji pa Sukulu za Atsikana za Katolika

Makalata a mwezi uno agwera mbali imodzi: sukulu za sekondale za atsikana zomwe zili m'manja mwa Mpingo wa Katolika. Ena akufunsa kumene sukuluzi zinachokera, ena ali ndi mwambo woti achite posachedwa ndipo akufuna ndondomeko yake. Mafunso tawafupikitsa, koma mayankho tawalola kutalika pamene nkhani yafuna kutero.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wasankhidwira ku sekondale ya asisteri. Tsiku lomwe ndinamuperekeza ndinaona mpanda wautali, chipata chokhoma, tchalitchi pakati penipeni, ndipo belu linangokhalira kulira. Alamu anga akuti sukulu zoterezi zimafanana kulikonse padziko. Zinayamba bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani zimakhala chonchi?
Mayi wa ana anayi

YANKHO: Alamu anuwo sananame, mayi. Kufananako kuli ndi gwero, ndipo gwerolo latha zaka pafupifupi 500.

Pa 25 Novembala 1535, mumzinda wa Brescia ku Italy, Angela Merici anasonkhanitsa anamwali 28 n'kuyambitsa gulu lomwe nkhoswe yake inali Ursula Woyera. Iye mwini sanamange sukulu ngakhale imodzi. Anamwaliwo ankakhala kwawo ndi abale awo, osavala chovala chapadera, n'kumatumikira Mulungu pakati pa anthu. Angela atamwalira mu 1540, omutsatira ndi amene anayamba kusonkhanitsa atsikana n'kumawaphunzitsa katekisimu, kenako kuwerenga, kulemba ndi kusoka.

Mpanda unabwera pambuyo pake, ndipo poyamba sunamangidwire ana. Unamangidwira asisteri. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa ku Trent, womwe unatha mu 1563, unalamula kuti asisteri azibindikira m'nyumba zawo, ndipo Papa Pius V anakhwimitsa lamulolo mu 1566. Tsono sisteri woletsedwa kutuluka akanaphunzitsa bwanji? Panafunika kuti mwana ndiye alowe. Asisteri a Ursuline, omutsatira Angela aja, a ku Paris atavomera moyo wobindikira mu 1612, pa malumbiro atatu aja a umphawi, kudzisunga ndi kumvera anawonjezerapo lachinayi, lophunzitsa atsikana. Ana anayamba kugona, kudya ndi kuphunzira mkati mwa mpanda womwewo, motero anatengera moyo wa eni nyumba. Belu loitanira asisteri ku mapemphero linasanduka belu la kalasi. Chipinda cholandiriramo alendo pafupi ndi chipata, masiku oikika ochezera ana, kukhala chete kuyambira pemphero la usiku mpaka m'mawa, zonsezi ndi za m'nyumba ya asisteri. Ndipo ngati munamva belu 12 koloko masana likugunda katatu, kupuma, katatu, kupuma, katatunso, kenako kambirimbiri, limenelo si la kalasi ayi. Ndi la pemphero la Mngelo wa Ambuye, lomwe limanenedwa m'mawa, masana ndi madzulo.

Pali theka lina la mbiriyi lomwe anthu amaliiwala, ndipo ife zimatipweteka. Nyumba zambiri za asisteri zinkakhala ndi sukulu ziwiri: yogonera konko ya ana a anthu opeza bwino, ndi ina yaulere ya ana osauka oyendera. Fizi ya oyambawo ndi imene inkayendetsa sukulu ya achiwiriwo. Sukulu ya Katolika yomwe lero ilibe thumba lothandizira mwana wosowa fizi yasunga mpanda n'kutaya chomwe mpandawo unkateteza.

Sikuti onse anagonjera kubindikira. Mary Ward, wobadwira ku Yorkshire ku England mu 1585, anapita ndi anzake ochepa ku Saint-Omer mu 1609, komwe anatsegula sukulu ya atsikana. Ankafuna asisteri oyenda momasuka ngati ansembe a Jesuit, olamulidwa ndi mkulu wawo wamkazi, ophunzitsa atsikana Chilatini, zilankhulo zina ngakhalenso zisudzo. Zinamuvuta kwambiri. Papa Urban VIII anathetsa chipani chake mu 1631, iye anatsekeredwa kwa kanthawi ku Munich, ndipo anamwalira mu 1645 ntchito yake ikuoneka ngati yafera m'mazira. Koma omutsatira anatsegula nyumba ya asisteri yotchedwa Bar Convent ku York mu 1686, ndipo kumeneko ndi komwe Teresa Ball anaphunzirira usisteri asanakayambitse nthambi ya Loreto ku Rathfarnham, pafupi ndi Dublin, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1820. Mpingo unadzalola mu 1909 kuti Mary Ward azitchedwa woyambitsa chipanicho.

Zipani zina zinabwera mondondozana. Nano Nagle anayambitsa asisteri a Presentation ku Cork mu 1775. Madeleine Sophie Barat anachita malumbiro ku Paris mu 1800, ndipo sukulu yoyamba ya Sacred Heart inatsegulidwa ku Amiens mu 1801. Catherine McAuley anatsegula nyumba ya Mercy ku Dublin mu 1827, ndipo Maria Domenica Mazzarello pamodzi ndi wansembe Don Bosco anayambitsa asisteri a Salesian ku Mornese mu 1872. Asisteri a Loreto anafika ku Pretoria mu 1878 ndi ku Kenya mu 1921, ndipo sukulu yawo ya ku Limuru, yotsegulidwa mu 1936, ndi yomwe inaphunzitsa Wangari Maathai, amene analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2004. Choncho mukadzapita kukamuona mwanayo, mufunse aphunzitsi aakulu kuti sukuluyo inayambitsidwa ndi chipani chiti. Yankho lake lidzakumasulirani zambiri zomwe munaona pachipata paja.

FUNSO: Ndili m'komiti yokonza chikondwerero cha zaka 50 za sukulu yathu. Mwala wa pakhoma la holo uli ndi chaka china, asisteri akutchula china, ndipo amayi omwe anaphunzira pano koyambirira akulumbira kuti analowa chaka chinanso. Tikhulupirire ndani, ndipo kabuku ka mbiri tikalembe bwanji?
Mphunzitsi wa mbiri

YANKHO: Aphunzitsi, n'kutheka kuti onsewo akunena zoona, kungoti aliyense akuwerenga chake. Sukulu ya asisteri imabadwa kangapo. Pali tsiku lomwe asisteri anafika pamalopo, tsiku lomwe episkopi anadalitsa mwala wa maziko, tsiku lomwe ana oyamba analowa m'kalasi, ndi tsiku lomwe boma linailembetsa ngati sekondale. Zambirinso zinayamba ngati pulayimale, sukulu ya ntchito za pakhomo kapena yophunzitsa aphunzitsi, n'kudzasintha pambuyo. Mwala wa pa holo nthawi zambiri umangonena za holoyo basi. Langizo lathu n'lakuti muwerengere kuyambira tsiku lomwe mwana woyamba wa sekondale analembedwa m'kaundula, ndipo masiku ena onsewo muwandandalike patsamba loyamba la kabuku kanu, lililonse ndi chomwe chinachitika. Mukatero palibe amene angadandaule kuti mwamufufuta.

Samalaninso pa kawerengedwe. Sukulu yomwe inalandira ana oyamba mu 1976 imakwanitsa zaka 50 mu 2026, koma gulu la 50 la fomu 1 limalowa mu 2025. Makomiti ambiri amasokoneza ziwirizi n'kusindikiza nsalu ndi malaya chaka chisanakwane.

Umboni woyamba kuufunafuna ndi buku la zochitika la nyumba ya asisteri. Pafupifupi nyumba iliyonse inkakhala ndi sisteri mmodzi wolemba, mizere iwiri kapena itatu patsiku: lero kwafika ana angapo, denga la khitchini lasasuka ndi mphepo, episkopi wabwera kudzalimbitsa ana. Bukuli nthawi zambiri silikhala pa sukulu. Limakhala ku likulu la chipani m'dziko mwanu kapena kunja, ndipo lakale likhoza kukhala m'Chifalansa, Chidatchi, Chitaliyana kapena Chijeremani, malinga ndi kwawo kwa asisteri oyambawo. Lemberani amayi aakulu a chipani kalata yonena zaka zenizeni zomwe mukufuna, ndipo pemphani zithunzi za masamba, osati buku lenilenilo. Lachiwiri ndi kaundula wolembera ana olowa, lomwe limapereka nambala, dzina ndi tsiku. Kenako buku la mphunzitsi wamkulu, malipoti a oyendera sukulu, ndi makalata a ku dayosizi. Malamulo a Mpingo, pa nambala 491, amapatsa episkopi udindo woonetsetsa kuti dayosizi ili ndi mosungira zolembedwa zakale, choncho musachite manyazi kukagogoda.

Amayi akale aja musawasiye. Akuluakulu ndi mdambo mozimira moto, ndipo zomwe amasunga iwo, monga nyimbo zoimba pochapa, maina opatsana ndi mantha a usiku woyamba ku hosteli, simudzazipeza m'buku lililonse. Koma muziwafunsa mmodzimmodzi, chifukwa pagulu wolankhula kwambiri amakokera onse ku chikumbumtima chake. Mphindi 45 mpaka ola limodzi n'zokwanira. Pemphani chilolezo chojambula mawu, ndipo poyamba penipeni tchulani dzina lawo, tsiku ndi malo. Musafunse kuti "chinali chaka chanji", chifukwa munthu amangotchulapo kuti asakukhumudwitseni. Funsani kuti mphunzitsi wamkulu anali ndani pamene ankafika, kapena anali fomu yanji pamene holo inkamangidwa, chaka mudzachipeza nokha m'kaundula. Tsiku kapena nambala iliyonse ilowe m'kabuku pokhapokha yatsimikizika mbali ziwiri zosiyana.

Msampha womwe umakola ambiri ndi wa maina. Kale sisteri ankalandira dzina latsopano povala chovala cha chipani, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, utatha, ambiri anabwerera ku maina awo a ubatizo. Mukapanda kusamala, mudzalemba munthu mmodzi kawiri pa mndandanda wa aphunzitsi aakulu. Chimodzimodzinso ophunzira akale: lembani dzina la kuutsikana limodzi ndi la kubanja. Ndipo buku la zilango, maina a ochotsedwa sukulu ndi a ngongole za fizi zisaikidwe pa chionetsero. Eni ake ali moyo, ana awonso ali moyo.

Yambani ntchitoyi miyezi 18 tsikulo lisanafike, ndipo tsiku lenileni mugwirizane ndi ofesi ya episkopi kukadali chaka chathunthu. Pewani nyengo ya Lenti: m'nyengoyi Aleluya saimbidwa, ndipo guwa silikongoletsedwa ndi maluwa kupatula masiku ochepa oikika.

FUNSO: Tapeza thiranki ya chitsulo m'sitolo ya sukulu, modzaza makaundula, makalata ndi zithunzi zakale. Zina zachita chuku, zina zadyedwa. Ena akuti tizilaminete zonse. Titani?
Woyang'anira laibulale

YANKHO: Musalaminete ngakhale tsamba limodzi. Makinawo amawotcha pepala n'kulimata ndi pulasitiki mpaka kalekale, zomatirazo zimadzasanduka zachikasu, ndipo palibe angadzalichotsemo osaling'amba. Madzi akatayika saoleka. Selotepi nayonso ayi: imauma, imagwa, n'kusiya banga lofiirira pomwe panali mawu.

Tulutsani zonse m'thirankimo muli pamthunzi podutsa mphepo, mutavala chotchinga pakamwa ndi mphuno, chifukwa chuku chimalowa m'chifuwa. Musasokoneze ndondomeko yomwe mwazipeza nayo; mtolo uliwonse upatsidwe nambala usanamasulidwe. Zachuku zipatuleni, ziume kaye, kenako muzisese ndi burashi yofewa kuchokera pakati pa tsamba kupita kumphepete. Chuku chonyowa mukachipukuta chimalowerera. Chotsani masitepulo, mapini ndi timalabala, chifukwa dzimbiri limaboola pepala ndipo labala imasungunuka n'kumata. Kuseri kwa chithunzi lembani ndi pensulo yofewa, ya 2B, m'mphepete, osadinikiza. Bolopeni imadutsira kutsogolo.

Malo osungira akhale ozizirira ndi ouma. Chinyontho cha mumpweya chikapitirira 65 pa 100 aliwonse, chuku chimamera. Chabwino ndi pakati pa 35 ndi 50. Mashelefu akhale achitsulo, otalikira masentimita 15 kuchokera pansi, osagunda khoma la kunja, kutali ndi mapaipi a madzi, khitchini ndi zenera lolowa dzuwa. Makaundula akuluakulu agonekedwe, osapitirira atatu pamulu umodzi. Mwezi uliwonse wina azisuzumira ngati mwalowa chiswe, njenjete, mphemvu kapena makoswe.

Jambulani pa makina a sikana zolembedwa pa 300 dpi (muyeso wa kuonekera bwino kwa chithunzi) ndi zithunzi pa 600 dpi, ndipo dzina la fayilo liyambe ndi chaka. Sungani makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, imodzi ikhale kunja kwa sukulu, monga ku likulu la asisteri. Kopi yokhala m'foni ya mphunzitsi mmodzi imasamuka naye tsiku lomwe wasamutsidwa.

FUNSO: Baji ya yunifolomu yathu ndi yobiriwira, ili ndi mtanda, nyenyezi 7 ndi mawu akuti Serviam. Palibe amene wandifotokozera bwino. Komanso msuweni wanga ali pa sukulu ina ya asisteri, koma masiku awo a chikondwerero ndi osiyana ndi athu. Bwanji, poti Mpingo ndi umodzi?
Mtsikana wa fomu 2

YANKHO: Wafunsa bwino mwanawe, paja safunsa anadya phula. Baji imeneyo ndi ya sukulu za asisteri a Ursuline, ndipo inakhazikitsidwa mu 1931. Serviam ndi liwu la Chilatini lotanthauza kuti "ndidzatumikira". Taona kuti silikunena "tidzatumikira": lonjezolo ndi la munthu mmodzi, amene wavala bajiyo. Nyenyezi 7 zija ndi gulu la nyenyezi lotchedwa Ursa Minor, kutanthauza chimbalangondo chaching'ono, ndipo dzina lakuti Ursula limatanthauzanso chomwecho. Kunsonga kwa gululo kuli nyenyezi yomwe imaoneka ngati siisuntha, imene amalinyero akale ankaidalira podziwa kumpoto. Mtundu wobiriwira ndi wa chiyembekezo. Masiku anu aakulu ndi 27 Januwale, la Angela Merici, ndi 21 Okutobala, la Ursula.

Mpingo ndi umodzi ndithu, koma zipani zili ngati mabanja a m'mudzi umodzi, lililonse ndi makumbukiro ake. Ngati msuweni wakoyo ali ku Loreto, amasunga sabata ya Mary Ward kuyambira pa 23 mpaka pa 30 Januwale, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira, ndipo pa baji yawo pali mawu akuti Cruci dum spiro fido, ndiko kuti "ndikadapuma, ndidalira mtanda". A Mercy amakondwerera pa 24 Sepitembala, tsiku lomwe nyumba ya ku Dublin ija inatsegulidwa. A Presentation amakondwerera pa 21 Novembala, ndipo chizindikiro chawo ndi nyali, pokumbukira kuti Nano Nagle ankayenda usiku m'tinjira ta ku Cork kukaona odwala ndi osauka. A Salesian ali ndi 24 Meyi, la Maria Mthandizi wa Akhristu, komanso mwambo womwe ife timaukonda kwambiri: ana asanagone, mkulu wa nyumba amawalankhula mawu ochepa, mphindi ziwiri kapena zitatu, ochokera pa zomwe zachitika tsikulo, kuti aliyense agone ndi ganizo labwino ndipo mkwiyo usagone m'hosteli.

A Sacred Heart ali ndi ziwiri zokongola. Choyamba ndi congé, tchuthi chodzidzimutsa: belu limalira pakati pa phunziro, mabuku amatsekedwa, tsiku lonse n'kukhala la masewera. Chachiwiri ndi 20 Okutobala, tsiku la Mater Admirabilis, chithunzi chomwe Pauline Perdrau anajambula pakhoma ku Trinità dei Monti ku Rome mu 1844. Chimaonetsa Maria ali mtsikana wa msinkhu ngati wako, atavala diresi ya pinki, atakhala phee, ulusi wopota uli pafupi ndi buku lili pambali.

FUNSO: Ndapatsidwa udindo wokonza mwambo woveka nkhata chifanizo cha Amayi Maria mu Meyi. Chaka chatha nkhata inagwa kawiri, makandulo anazima, ndipo akutsogolo ndi akumbuyo ankanena kolona mosiyana. Ndithandizeni ndondomeko.
Mphunzitsi woyang'anira za mapemphero

YANKHO: Zonse zitatuzo zimakonzeka dzulo lake, osati tsiku lenilenilo.

Tiyambe ndi tsiku. Ambiri amasankha 31 Meyi chifukwa Papa Pius XII atakhazikitsa chikondwerero cha Maria Mfumukazi mu 1954 anachiika pa tsikulo. Mu 1969 chinasamutsidwira pa 22 Ogasiti, ndipo 31 Meyi tsopano ndi tsiku lokumbukira Maria akukacheza kwa Elizabeti. Mukasankha limeneli, mawu owerenga ndi Luka 1:39-56. Tsiku lina lililonse la Meyi n'lololedwa. Kuveka nkhata ya maluwa kukhoza kutsogoleredwa ndi sisteri kapena katekisiti, koma ngati mukufuna kuti nkhatayo idalitsidwe, itanani wansembe kapena dikoni, ndipo muwauze kukadali mwezi.

Nkhata imagwa chifukwa amaipanga mongoyerekeza. Yezani mutu wa chifanizo ndi chingwe, pamwamba pa mphumi, n'kupinda waya wofewa wa muyeso umenewo, kuwonjezerapo sentimita imodzi ya mapesi a maluwa. Kulungani wayayo ndi kansalu kuti asakande utoto. Sankhani maluwa a mitu ing'onoing'ono. Aakulu amalemera mbali imodzi ndipo amaphimba nkhope. Mangani m'mawa wa tsikulo, n'kuisunga mu nsalu yonyowa pamthunzi. Dzulo lake, mwana wovekayo ayesere ndi waya wopanda maluwa, atakwera pa chokwerera chenicheni chomwe adzagwiritse ntchito, anzake awiri atachigwira. Mpando wa m'kalasi woikidwa pa udzu umapendekeka. Ngati chifanizo chidzanyamulidwa, chimangidwe zolimba pa thabwa lake, onyamula akhale anayi ofanana msinkhu, ndi anayi ena olandirira.

Mdipiti uyende motere: mtanda patsogolo, makandulo awiri m'mbali mwake, ana kuyambira fomu 1 kukwera, wonyamula nkhata pa kapilo, chifanizo, ndipo wansembe pamapeto. Kwaya ikhale pakati pa mzere kuti mbali zonse zimve. Kolona imasokonekera chifukwa mawu amachedwa kufika kumbuyo, choncho wotsogolera akhale mmodzi, wa pa chokuzira mawu, ndipo aliyense atsatire iyeyo osati mnzake wa pafupi. Magawo asanu a Tikuoneni Maria khumi khumi amatenga pafupifupi mphindi 20. Yendani njirayo ndi wotchi. Ikakhala yaifupi, nenani magawo awiri poyenda, atatu mutafika. Pamalopo: mawu a Mulungu, ulaliki waufupi, kudalitsa nkhata, kuveka, litaniya, dalitso lomaliza. Mwambo wonse usapitirire ola limodzi, makamaka ngati ana aima padzuwa.

Kandulo iliyonse ilowetsedwe m'kapu ya pepala yoboola pansi, imatchinga mphepo ndi kulandira phula. Pakati pa mwana ndi mnzake pakhale mpata wa mkono wathunthu, chifukwa nsalu zopyapyala za kumutu zimagwira moto msanga kwambiri. Ndowa ziwiri za madzi ziyende ndi aphunzitsi. Pakatha masiku awiri kapena atatu chotsani nkhatayo, maluwa owola amadetsa chifanizo.

Za woveka, chonde musalole kuti ukhale mpikisano wa kukongola kapena wa amene makolo ake agula diresi yodula. Chitani maere pakati pa a fomu 4, avale yunifolomu, ndipo wonyamula nkhata akhale wamng'ono kwambiri wa fomu 1. Musanayambe, afotokozereni ana m'mawu awiri kuti Akatolika amalemekeza Maria koma amapembedza Mulungu yekha. Pamzerepo pali ana a mipingo ina omwe akufunika kumva zimenezi.

FUNSO: Ine si Mkatolika, koma ndikufuna mwana wanga akaphunzire ku sukulu ya asisteri chifukwa cha mwambo wake. Kodi sakamukakamiza kutembenuka?
Bambo wodera nkhawa

YANKHO: Saloledwa kutero, bambo. Malamulo a Mpingo, pa nambala 748 ndime 2, amaletsa aliyense kukakamiza munthu kulowa Chikatolika motsutsana ndi chikumbumtima chake, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unanenetsa za ufulu wa chipembedzo mu 1965. Komabe dziwani chomwe mukusainira. Sukulu zambiri zimafuna kuti ana onse azipezeka pa mapemphero a m'mawa ndi pa Misa ya sukulu, monga Misa ya Mzimu Woyera yotsegulira chaka. Kupezekapo mwaulemu ndi mbali ya malamulo a sukulu. Mwana wanu salandira Ukaristia ndipo sapita ku sakramenti la kulapa. Nthawi ya kulandira angokhala pamalo pake. Phulusa la Lachitatu la Phulusa aliyense akhoza kulandira, koma n'kufuna kwake.

Mwana akafuna yekha kulowa Mpingo, pamakhala maphunziro a nthawi yaitali, ndipo sukulu yoyenda bwino siimulemba popanda kalata ya makolo. Musanalipire fizi, funsani zinthu izi ndipo mayankho akhale olembedwa: ngati pali nthawi ndi chipinda choti ana a chipembedzo chanu azipempheramo, za zakudya zomwe sadya, za kavalidwe, za masiku ake osala ndi opatulika, komanso ngati mwana wosakhala Mkatolika angasankhidwe kukhala mtsogoleri wa ophunzira. Mikangano yambiri imabuka pa zinthu zomwe sizinafunsidwe pa tsiku loyamba.

FUNSO: Pa sukulu yomwe ndinaphunzira asisteri anachokapo, mphunzitsi wamkulu tsopano ndi mayi wapabanja. Mwana wa mng'ono wanga ali fomu 1 kumeneko, ndipo akuti akuluakulu amawagwaditsa usiku, kuwachapitsa zovala ndi kuwalanda zakudya, amvekere ndi mwambo wa sukulu. Kodi sukuluyi ikadali ya Katolika? Nanga tikadandaule kwa yani?
Wophunzira wakale

YANKHO: Mayi, chomwe chimapangitsa sukulu kukhala ya Katolika si chovala cha mphunzitsi wamkulu. Malinga ndi lamulo la Mpingo nambala 803, ndi sukulu yoyendetsedwa ndi akuluakulu a Mpingo kapena bungwe lovomerezeka la Mpingo, kapena yomwe akuluakuluwo aivomereza mwa kalata, ndipo palibe sukulu ingadzitche ya Katolika popanda chilolezo chawo. Lamulo nambala 806 limapatsa episkopi wa dayosizi ufulu woyang'anira ndi kuyendera sukulu zonse za Katolika m'dera lake, ngakhale za zipani za asisteri. Kuchoka kwa asisteri kukuchitika m'maiko ambiri, ndipo amayi ndi abambo wamba akuyendetsa bwino sukulu zochuluka. Chomwe chimavuta n'chakuti asisteri ankagona pafupi ndi ana ndipo miyambo ankaisunga pamtima. Akachoka osasiya zolembedwa, ana amadzaza mpatawo ndi zawo.

Kugwaditsa mwana usiku si mwambo, ndi nkhanza, ndipo kulanda chakudya ndi kuba. Mwambo weniweni wa sukulu umadziwika amene anauyambitsa, uli ndi chifukwa chomwe chinganenedwe poyera pamaso pa makolo, ndipo umachitika aphunzitsi akuona. Izi zimachitika magetsi atazimitsidwa. Don Bosco, amene asisteri a Salesian amatsata njira yake, ankaphunzitsa kuti mlezi azikhala pakati pa ana nthawi zonse kuti cholakwa chisapeze mpata, m'malo modikira kuti adzalange chitachitika. Ndi pamenepo pomwe pagona mankhwala: matroni agone m'nyumba imodzi ndi ana, a fomu 1 akhale ndi chipinda chawochawo teremu yoyamba, aliyense apatsidwe mkulu mmodzi wosankhidwa ndi aphunzitsi woti azimutsogolera, ndipo mapulifekiti asakhale ndi mphamvu yolanga paokha.

Lembani kalata kwa mphunzitsi wamkulu, makolo a mwanayo asaine, ndipo kopi ipite kwa wapampando wa bodi ya sukulu. M'kalatamo mutchule masiku, maola, chipinda ndi zomwe zinachitika, ndipo mupemphe kuti dzina la mwanayo lisaululidwe kwa ophunzira. Perekani masabata awiri. Mukapanda kuyankhidwa, pitani kwa mlembi wa za maphunziro wa dayosizi ndi kwa amayi aakulu a chipani ngati sukuluyo ikadali yawo. Ngati mwana wavulazidwa kapena wagwiridwa thupi mosayenera, musadikire masabata awiriwo: tsiku lomwelo mupite naye kuchipatala, mutenge lipoti la dokotala, ndipo mukanene kupolisi.